Bwato langa kapena bwato wanga? Mawu a pamadzi kwa wophunzitsa ana ku Chivero

Funso: Ndine mbadwa ya ku Mufakose mu Harare, ku Zimbabwe, bambo anga anachokera ku Nkhotakota. Ndimakonza maboti ku nyanja ya Chivero, pafupi ndi mzindawu, ndipo Loweruka ndimathandiza kuphunzitsa ana kuyendetsa timaboti ta thanga. Ena mwa anawa ndi a kumpingo kwathu, kwawo amalankhula Chichewa. Ndawalembera kapepala ka mawu ofunika, koma malume anga akuti Chichewa changa n'chopindika. Akuti ndizinena "bwato wanga" osati "bwato langa", akutinso port ndi starboard ndichotse, ndilembe kumanzere ndi kumanja. Akulondola ndani?

Achimwene, pa nkhani ya bwato malume anu ali ndi pogwira. Pa nkhani ya port ndi starboard ndiwakanira mwaulemu, ndipo mukawauze kuti wakanayo ndi munthu amene anakulira pagombe, anadziwa kupalasa bwato asanadziwe kupalasa njinga.

Dzina loti bwato ndi lakalekale, ndipo kwawo kwenikweni ndi m'gulu la maina ngati uta, ufa, uchi ndi bowa. Abemba mpaka lero amati ubwato. Choncho wonena kuti "bwato wanga" sakupeka, akutsata mmene timanenera "uta wanga". Koma dzinali linasamuka mudzi. Pakamwa pa anthu ambiri linatsatira bwalo ndi bwenzi: bwalo lathu, bwenzi langa, bwato langa, mabwato athu. Wailesi ndi nyuzipepala za ku Malawi zikamanena za ngozi ya panyanja mudzamva kuti "bwatolo linadzaza kwambiri". Pa kapepala kanu lembani langa, lija, lafika, ndipo musasinthesinthe pakati pa tsamba. Malume akamalankhula okha asiyeni ndi wanga wawoyo.

Chomwe malume sanaone n'chakuti zomwe mukuphunzitsira anawo si mabwato n'komwe. Bwato ndi losema ku mtengo umodzi, loyenda ndi nkhafi. La matabwa okhoma kapena la pulasitiki, kaya la injini kaya la thanga, ndi boti: boti lathu, maboti athu. Likakhala laling'ono ngati tija ta Optimist tokhala ngati bokosi, tomwe Clark Mills anatulukira ku Florida mu 1947 kuti ana aziphunzirirapo, ndiye kaboti kanga, timaboti tathu, ndipo mneni atsatire: kaboti kafika, timaboti tafika. Ngalawa ndi chombo ndi maina aakulu, omveka ngati a m'tchalitchi, ndipo gulu lawo ndi lina: ngalawa yathu, ngalawa zathu, chombo chathu, zombo zathu. Sitima ndi ya chitsulo ngati Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi mu 1951. Angerezi a pamadzi amaitchula sitima kuti "she" ngati mayi. Ife zimenezo sizitikhudza. Timati Ilala yakocheza ku Nkhata Bay, chifukwa m'mutu mwathu muli sitima, osati "wakocheza" ngati ndi azakhali. Ngakhale kwawoko nyuzipepala ya zombo ya Lloyd's List inasiya "she" mu 2002.

Thanga ndi mawu athu, musawaope. Kwanu ku Nkhotakota n'kumene zombo za matanga za Jumbe zinkanyamuka m'zaka za m'ma 1800 kuwolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya lija, ndipo thanga, ngalawa ndi chombo onsewa ali ndi abale awo m'Chiswahili. Amalinyero ndi kapitawo anachokera kwa Apwitikizi. Samalani pochulukitsa: thanga limodzi, matanga awiri. Mpweya wa h uja umagwa, monga thumba ndi matumba, phiri ndi mapiri, khutu ndi makutu. "Mathanga" mudzawamva, koma polemba tsatani matumba. Kungoti pano pa Harare mukafuula kuti "tsitsani matanga" mnzanu wa Chishona angayang'ane kumtunda kufuna ng'ombe, poti kwa iye matanga ndi makola.

Mtengo woimirira ndi mlongoti, yambiri milongoti. Nangula ndiye woseketsa. Ali m'gulu la anthu pamodzi ndi galu ndi namondwe: nangula wathu wagwira, anangula awiri. Amene amawerenga Machitidwe 27 akukumbukira anangula anayi aja anaponyedwa kumbuyo kwa ngalawa ya Paulo. Ndiye mukauza ana awiri kuti "mponyeni m'madzi" musanatchule kuti nangula, musadabwe akagwira mnzawo miyendo. Nenani dzina lonse: ponya nangula, kweza nangula.

Tsopano port ndi starboard. Kumanja ndi kumanzere ndi mawu a thupi la munthu, amatembenuka naye. Mwana wa pa chiwongolero wakhala chammbali, mnzake wayang'ana kumbuyo akukapa madzi, inu muli m'boti la injini mwayang'anizana nawo. Mukati "kumanja!" pali manja atatu osiyana, aliyense amva lake. Port ndi starboard ndi mbali za boti, sizisuntha. Munthu akaima m'boti n'kuyang'ana kumutu kwake, dzanja lake lamanja lili ku starboard, lamanzere ku port, ndipo akatembenuka mbalizo zimatsala pomwepo. Starboard anachokera ku nthawi imene zombo za ku Ulaya zinkawongoleredwa ndi nkhafi yaikulu yomangidwa mbali ya kumanja. Mbali inayo inkatchedwa larboard, koma mumphepo mawu awiriwa ankamveka ngati amodzi, mpaka asilikali a pamadzi a ku Britain analamula mu 1844 kuti azinena port. Mukuona kuti Angerezi eni ake anataya mawu awo chifukwa choti ankasokoneza makutu.

Chichewa chingathe kuzinena bwinobwino: kumanja kwa boti, kumanzere kwa boti. Kachidutswa "kwa boti" ndiko kamakhomerera mbaliyo kuti isasunthe, ndipo pofotokoza pamtunda gwiritsani ntchito zimenezi. Koma mawu a Chingereziwo asachoke pa kapepala. Anawa akadzalowa mpikisano, kaya pa Chivero pomwepo kaya ku Kariba, mnzawo adzawafuulira kuti "Starboard!" ndipo sadzamasulira. Tanthauzo lake n'lakuti mphepo ikumuwomba kuchokera mbali ya starboard, choncho njira ndi yake, wa mphepo ya ku port apatuke. Lamuloli lili m'malamulo a mipikisano, lilinso pa nambala 12 m'malamulo a 1972 opewera kugundana kwa zombo panyanja. Nyali za usiku nazonso zimatsata mainawa: yofiira ku port, yobiriwira ngati msipu ku starboard, yoyera kumbuyo. Mwana amene anangophunzira kumanja ndi kumanzere adzakhala ngati wapita ku gule wa eni osadziwa nyimbo.

Pali chinanso chimene kumanja kumalephera. Chiwongolero cha boti chili pawiri: tsigiro, lomwe lili m'madzi, limene a mpingo amalidziwa kuchokera pa Yakobo 3:4, ndi mpini wake umene mwana amagwira. Mpiniwo umayenda mosemphana ndi boti. Ukaukankhira kumanja, mutu wa boti umapita kumanzere. Ndiye "kumanja!" akunena mpini kapena mutu? Popeza mwana amakhala mbali yochokera mphepo, mawu awiri akukwanira: kankha ndi kokera. Akakankha mpini kutali ndi iye, boti limalozetsa mutu kumphepo. Akaukokera kwa iye, limaifulatira.

Ndatchula mbali yochokera mphepo. Apa Chichewa sichisowa chobwereka. Windward ndi kochokera mphepo, leeward ndi kolowera mphepo, ndipo mlenje aliyense wosaka ndi agalu amazidziwa zimenezi asanaone nyanja. Maboti awiri akakhala ndi mphepo mbali imodzi, la kochokera mphepo ndilo lopatuka. Mphepo timaitchula ndi kumene ikuchokera, osati kumene ikupita. Makolo athu anachita kutchula mbali za dziko ndi maina a mphepo: mwera, uja amautsa mafunde m'miyezi yozizira, ndiye anatipatsa kummwera, ndipo mpoto anatipatsa kumpoto. Chopunthwitsa chili pa mbali ziwiri zinazo. "Mphepo ya kum'mawa" ingakhale yochokera kotulukira dzuwa, ingakhalenso yowomba kukangocha. "Ya kumadzulo" chimodzimodzi. Mwezi wa Ogasiti, umene Ashona anautcha Nyamavhuvhu chifukwa cha mphepo yake, mukamauza ana za nyengo nenani kuti yochokera kuvuma kapena yochokera kuzambwe. Mawu amenewa sanena za nthawi, ndipo malume anu adzakondwa kuwamva.

Pamene Chichewa chimaposa Chingerezi ndi pa tizidutswa titatu: pa, ku ndi mu. Kupita kunyanja ndi ulendo wa basi kuchokera ku Mufakose. Kuyenda panyanja ndi kukhala pamwamba pa madzi. Kugwera m'nyanja ndi ngozi. Mwana ali m'boti, chipewa chake chili paboti, mnzake akusambira kupita kuboti. Ana obadwira kuno amazisakaniza, ndipo pamtunda palibe amafa nazo. Pamadzi, "ali pamadzi" ndi "ali m'madzi" ndi nkhani ziwiri: yoyamba mumamwa tiyi, yachiwiri mumayatsa injini. Mfuu ya munthu akagwa ikhale imodzi kwa onse, yaifupi: "Munthu m'madzi!" Woyamba kumuona amuloze ndi chala osachotsa maso.

Kutsogolo ndi kumbuyo nakonso kuli ndi msampha. "Kutsogolo kwa boti kuli namasupuni" angatanthauze kuti udzuwo wakola pamutu pa boti, kapena kuti uli patali m'njira imene mukupita. Angerezi anasiyanitsa bow ndi ahead, stern ndi astern. Ine ndimati kumutu kwa boti ndikamanena chiwalo chake, ndipo patsogolo pathu ndikamanena madzi amene tikulowera. Namasupuni wa pa Chivero ndi wochuluka moti chiganizo chimenechi mudzachinena kawirikawiri.

Zingwe. Liwu loti sheet lapusitsa anthu ambiri omasulira. Si nsalu, si thanga, si shiti ya pabedi. Ndi chingwe chimene mwana amagwira m'manja kuti akunge kapena kukhwefula thanga. Chokwezera thanga pamlongoti ndi halyard. M'Chichewa zonsezi zimatchulidwa ndi ntchito yake, ndipo n'zosavuta kuposa Chingerezi: chingwe chokungira thanga, chokwezera thanga, chomangirira boti padoko, cha nangula. Taonani kusiyana kwa chokungira ndi chokwezera. Tsinde la mneni likakhala ndi e kapena o timati -era: kwezera, kokera, ponyera. Likakhala ndi a, i kapena u timati -ira: kapira, tsitsira, kungira. Pakamwa panu lamuloli mumalitsata kale osaganiza, koma polemba ndi pamene anthu amapunthwa.

Aneni a chingwe ndiwo ndikufuna muwasamale kuposa maina onse. Kunga ndi kukoka kuti chilimbe. Khwefula ndi kupereka pang'ono chikadali m'manja. Masula ndi kuchichotsa pamene chamangidwa. Siya ndi taya musawalowetse m'boti. Tsiku lina mphepo itawomba mwadzidzidzi ndinafuulira mdzukulu wanga kuti "siya!" ndikutanthauza kuti aleke kukoka. Iye anasiya zonse, chingwe ndi mpini womwe, n'kundiyang'ana manja ali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Tinasamba tonse awiri, ndipo wolakwa ndinali ine. Kuletsa nakonso n'koopsa. Mu "usakoke" kachidutswa usa- kamapita ndi mphepo, mwana amangomva "koke". M'malo moletsa, lamulani chimene mukufuna: khwefula.

Nkhani ya ulemu imalowa pomwepa. Pamtunda simungauze munthu wamkulu kuti "koka". Koma "kokani" ndi ya ulemu komanso ya anthu ambiri, ndiye m'boti la anthu atatu onse atatu akoka. Mankhwala ake n'kuyamba ndi munthu: "Amalume, kungani!" kapena "Wa kumutu, khwefula!" Mwana akakhala pa chiwongolero ndiye woyendetsa, ngakhale m'botimo muli agogo ake. Muuzeni kuti akhoza kunena "Agogo, weramani!" mokweza, ndipo si mwano. Mtengo wopingasa uja wa m'munsi mwa thanga, umene anawo akuutcha kale bumu, sudziwa wamkulu.

Boti la thanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limafika pafupifupi madigiri 45 kuchokera pamenepo, ndiye limakwera mokhotakhota ngati ng'ombe zokoka ngolo pachitunda. Kukhota kodutsitsa mutu wa boti mumphepo ndi tack. Kodutsitsa kumbuyo kwake ndi gybe, ndipo n'kumene bumu limawoloka mwaukali. Mawu awiriwa alibe anzawo aafupi m'Chichewa, ndipo palibe nthawi yofotokoza chiganizo chonse mphepo ili m'thanga. Asiyeni. Ana akayamba kunena kuti "tikutaka" kapena "tajaiba" musawadzudzule, akuchita zomwe tinachita ndi kusaina ndi kutchaja. Chofunika n'chakuti liwu lobwerekalo livale zovala zathu n'kukhala nazo: ngati mwati bumu lija, mabumu aja, lisasanduke bumu ija Loweruka lotsatira. Dziwaninso kuti tack m'Chingerezi ali ndi matanthauzo angapo. Ndi kukhota kuja, ndi mbali imene mphepo ikuwombera monga mu starboard tack, komanso ndi ngodya ya m'munsi ya kutsogolo kwa thanga. Kwa ongoyamba phunzitsani awiri oyambawo.

Mawu amene angakuvutitseni ndi makolo ndi kumira. Kaboti ka mwana kakatembenuzika sikanamire. Kali ndi matumba a mpweya, kamayandama, mwana amakadzutsa n'kukapa madzi n'kupitiriza. Koma mwanayo akafika kunyumba n'kunena kuti "lero tinamira", amayi ake sadzamulolanso, ndipo uthengawo ukadutsa pa WhatsApp ya mpingo anthu ayamba kusonkha za maliro. Aphunzitseni kusiyanitsa. Kupendekeka ndi boti kutsamira mbali imodzi chifukwa cha mphepo, ndipo n'kwabwinobwino. Kutembenuzika kapena kugubuduzika ndi kugona chammbali kapena chadodolido. Kumira ndi kupita pansi. Palinso kusiyana kwa chochitika chokha ndi chochitidwa ndi munthu: boti lamira koma wina walimiza, latembenuzika koma wina walitembenuza, chingwe chamasuka koma wina wachimasula. Polemba lipoti kwa abwana anu kachilembo kamodzi kameneka ndiko kamanena ngati pali wolakwa. Wogwa m'madzi timamuvuula, sitimutola.

Chishona chimalowa m'kamwa mwathu tonse okhala kuno, ine ndemwe, ndipo sindikudandaula. Koma pali mawu atatu oti muwagwire pakhosi. Kwa Ashona mvura ndi madzi komanso mvula. Kwa ife mvula ndi yochokera kumwamba yokha. Mwana akati "m'boti mwalowa mvula" mufunseni ngati ikugwa kapena boti laboka. Tambo yawo ndi chingwe chathu, pamene thambo lathu lili kumwamba kuli mitambo. Chikepe ndi chawo, ndipo anawo achinene akamacheza ndi anzawo, koma pa kapepala ka Chichewa lembani boti. Kalembedwe nako kamatengera. Chishona chimalemba r pamene ife timalemba l, n'chifukwa chake obadwira ku Mbare, Mabvuku ndi Dzivarasekwa amalemba "kuparasa" ndi "nangura". Lamulo lathu n'lakuti r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mwera, kumira, tsigiro. Pambuyo pa a, o ndi u, komanso poyambira mawu, timalemba l: kupalasa, nangula, ngalawa, mlongoti. Liwu loti chiwongolero lili ndi onse awiri, n'lothandiza pokumbukira. Mphepo nayo isataye p wake n'kukhala mhepo.

Miyeso ndimalize nayo. Knot ya liwiro musaimasulire kuti mfundo, ngakhale dzinalo linachokeradi ku mfundo zomangidwa pachingwe chimene amalinyero akale ankachiponya m'madzi n'kumawerenga zodutsa m'manja mchenga wa m'kabotolo usanathe. Mfundo isungireni zomanga zingwe. Knot imodzi ndi mtunda wa mamita 1,852 pa ola limodzi, ndiye "pa ola" ali kale m'kati mwake. Wonena kuti "ma knot 6 pa ola" wabwereza. Nenani kuti mphepo ili pa ma knot 6, ndipo kwa kholo lofuna kumvetsa muwonjezere kuti ndi pafupifupi makilomita 11 pa ola.

Fathom yokha ili ndi dzina lathu lenileni, mkwamba, kutalika kwa manja onse awiri otambasula, pafupifupi mamita 1.8. Asodzi amayezera zingwe ndi maukonde mwa njira imeneyi, ndipo pophunzitsa kuponya nangula ndi yothandiza kuposa tepi. Madzi akakhala akuya mikwamba iwiri, mwana apereke chingwe cha mikwamba 10, kuwirikiza kasanu, kuti nangula akokedwe chogona n'kuluma pansi. Loweruka likubwerali atengeni malume anu ku Chivero, muwapatse chingwe cha nangula ayeze mikwamba pamaso pa anawo akuwerenga mokweza. Jekete yoyandamitsa avale ngati wina aliyense asanaponde padoko.